Mkono Wofiira wa Pedulo Yakumanzere

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anga anabwera ndi njinga kunyumba kwathu ku Lupaso, akuikankha ndi manja chifukwa matayala onse awiri anali ataphwa. Linali Loweruka, nyengo yozizira, kukugwa kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu komwe sikanyowetsa munthu msanga koma kamalowa m'mafupa. Ine ndinali mu Sitandade 6. Bambo anali kalaliki mu ofesi ya boma, ndipo tinabwera kumpoto kuchokera ku Zomba atawasamutsa pa ntchito.

Njingayo anawasiyira mayi wina wachizungu amene ankabwerera kwawo. Sinali ngati njinga zakuda zolemera zonyamulira nkhuni zija. Inali yobiriwira, ya matayala owonda ngati chala chachikulu, handulo yopindikira pansi, yopanda kaliyala. Anthu ankazitcha njinga za mpikisano. Mwamwayi mtanda wake unali wotsika, wachikazi. Bambo anaitsamiritsa pakhonde nati, “Esinati, iyi ndi yako. Uzipitira kusukulu.”

Panali chifukwa chimene njinga inapitira kwa ine osati kwa mchimwene wanga. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinagwa mumtengo wa gwafa ndi kuthyoka bondo lakumanzere. Atachotsa chikhakha, mwendowo unatsala wofupikirako pang'ono, ndipo bondo silinkapindika mpaka kumapeto. Kuyenda ndinkayenda, koma mokoka. Sukulu inali kutali, njira yake ya zitunda ndi matope ofiira, choncho ndinkafika belu litalira kale. Poyamba ankandipatsa chibalo chosesa ngati wina aliyense. Kenako ahedi anauza aphunzitsi kuti azindisiya, ndiye anzanga ochedwa ankagwada pamiyala ine ndikudutsa. Zimenezi zinkandipweteka kuposa chibalo.

Kwathu za mwendowu sitinkazikamba. Bambo anali munthu wa zinthu zolongosoka. Nsapato ankapolisha okha, ndipo khadi lawo la chipani linkakhala mu kapepala ka pulasitiki, losapindika ngakhale pakona. Mlendo akafunsa za kayendedwe kanga, ankayankha kuti, “Alibe vuto ameneyu, sakonda kuthamanga basi.”

Kupalasa ndinaphunzira pabwalo la mpira, bambo atagwira chishalo kumbuyo, akuthamanga ndi nsapato zawo zopolisha zija. Sindinavute kuphunzira. Vuto linali pedulo yakumanzere. Ikakwera pamwamba, bondo linkakana, ndiye ndinkanyamuka pachishalo ndi kupendekera kumanja. Ikatsika pansi, ndinkangoikhudza ndi zala. Bambo anakweza chishalo, mwendo unalephereratu kufika pansi. Anachitsitsa, bondo linkachita kubaya. Kenako anamangirira kathabwa papedulo ndi mphira. Pansi ndinayamba kufika bwino, koma pamwamba zinanyanya. Nthawi iliyonse akafunsa ngati zikupweteka, ndinkati ayi. Ndinkaona nkhope yawo mmene inkawalira, komanso ndinkaopa kuti ndikadandaula njinga ipita kwa mchimwene wanga.

Sabata yoyamba ndinafika kusukulu belu lisanalire masiku onse asanu. Lachisanu madzulo bondo linali litatupa ngati papaya. Mayi analithowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha a mchere, osandifunsa kanthu. Atamaliza anapita pakhonde pomwe bambo ankamvera wailesi, ndipo ndinawamva akunena motsitsa mawu kuti, “Bambo a Esinati, mupite nayo kwa okonza njinga. Mupite ndi mwini wakeyo.”

Okonza njinga amene bambo ankawadziwa anali a Gondwe, bambo wamfupi wa chipewa chaubweya, amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Pamalopo pankanunkha girisi ndi guluu womatira machubu. Panali beseni la madzi akuda, chitsa chomenyerapo zitsulo, ndi thumba la chiguduli lodzaza ndi ziwalo za njinga zakufa. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitumbuka. Atapatsana moni ndi bambo, sanaigwire njingayo. Anandiuza kuti ndipalase mpaka pamtengo wa magetsi ndi kubwerera, iwo ataima kumbuyo akundiyang'ana. Anandibweza kawiri.

“Njinga yabwino chomene iyi, adada,” anatero kwa bambo. “Koma mkono uwu ndi wautali kwa mwendo uwu.”

Mkono umene ankanena ndi chitsulo chija chochokera pakati pa njinga kukafika papedulo. Anagwada najambula ndi msomali pansi mizere iwiri yozungulira, waukulu ndi waung'ono. Anati mkono wautali umazunguza phazi patali, limakwera kwambiri ndi kutsika kwambiri. Waufupi umalizunguza pafupi, bondo silipinda kwambiri, ndipo pansi phazi limafika.

“Ndiye sinthani yonse iwiri,” anatero bambo.

A Gondwe anakana. Anati wakumanja ndi womwe uli ndi mano okoka tcheni, komanso mwendo wakumanja ndi umene uli ndi mphamvu, ndipo pachitunda mkono wautali ndi umene umathandiza. “Mukafupikitsa yonse, zitunda za ku Lupaso azikwera akukankha.”

“Njinga ya mikono yosiyana? Anthu aziti chiyani?” anafunsa bambo.

A Gondwe anakhuthula thumba lija pansi ndi kusankhamo mikono iwiri yakumanzere. Anatsamiritsa mkono wakale pachitsa, namenya kotapini, kachitsulo kogwira mkonowo, ndi hamala mpaka inatuluka. Woyamba umene anaika unali wasiliva ngati wakale, wofupikirako ndi chala chimodzi. Munthu sakanadziwa kuti pasinthidwa kanthu. Ndinapalasa mpaka pamtengo wa magetsi. Zinali bwinoko, koma pamwamba bondo linkabayabe.

Wachiwiri unachokera kunjinga ya mwana. Unali waufupi ndi zala zitatu, ndipo wina anaupaka penti yofiira ya pazitseko. Ataumanga, njinga inaoneka ngati yavala nsapato zosiyana. Ndinakwera. Ndinadutsa mtengo wa magetsi osadziwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba sindinkaganiza za mwendo. Unkangozungulira wokha, ine nditakhala pachishalo mowongoka. Ndinakatembenukira kutali, pomwe azimayi ankagulitsa nthochi.

Nditabwerera ndinapeza bambo atanyamula mkono wasiliva uja m'manja, akuupukuta ndi mpango wawo.

“Esinati, woyamba uja sunali bwino?”

Ndinkadziwa yankho limene ankafuna, ndipo chibadwire ndinali ndisanawakanirepo kanthu. A Gondwe anayamba kutolera zitsulo zawo ngati sakumva.

“Unkapweteka, bambo,” ndinatero. “Wakale uja unkapwetekanso. Masiku onse.”

Bambo anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango womwewo, mpaka magalasi anadetsedwa ndi girisi. Kenako anaika mkono wasiliva pamulu wa zitsulo.

“Siyani wofiirawo, a Gondwe. Bondo la mwana wangayu silipinda, anathyoka ali wamng'ono. Muumange zolimba.”

Aka kanali koyamba kuwamva akuuza munthu wakunja zimenezi. A Gondwe anangoti, “Yewo, adada,” namenya kotapini. Anafunsa ngati apale pentiyo kuti isamaonekere patali. Bambo anati tachedwa, mayi akudikira.

Kwa masiku angapo ndinkamva kusiyana kwa mbali ziwirizo, ngati woyenda phazi limodzi mumsewu lina m'mbali mwake, koma thupi linazolowera. Chimene chinandivuta nthawi yaitali chinali siketi. Masiku amenewo mtsikana sankaloledwa kuvala buluku, ndipo siketi inkayenera kuphimba mawondo. Tcheni inandidyera ziwiri, mpaka mayi anandipatsa chopanira zovala kuti ndizipana m'mbali. Kusukulu anyamata anauseka mkono wofiirawo sabata imodzi, kenako anayamba kupempha kuti ayeseko. Njingayo ndinakwera mpaka nditapita kusekondale yogonera komweko. Mchimwene wanga ataitenga ankadandaula kuti akatsika amayenda mopendekera, koma bambo sanalole kuti aisinthe, poti ndinkaifuna pa tchuthi.

Lero Mzuzu wadzaza njinga za kabaza ndi njinga zamoto, ndipo pomwe panali mtengo wa a Gondwe pali sitolo ya mafoni. Atsikana amapalasa atavala mabuluku, palibe wowacheukira. Mwana wa bondo ngati langa amamutengera kwa madokotala a mafupa, ndipo makolo amakamba za vutolo poyera, ngakhale mu minibasi.

Ine bondo lija layambanso kuvuta ndi ukalamba. Chaka chatha kuchipatala ananditumiza kuchipinda cha mafizo, komwe mnyamata wina waulemu anandikweza panjinga yosayenda. Mkono wake unali ndi mabowo anayi, kuti pedulo izisunthidwa malinga ndi mwendo wa wodwala. Anandifotokozera mofatsa kuti ndi luso latsopano lochokera kunja, ndipo anajambula papepala mmene phazi limazungulira. Ndinamusiya afotokoze mpaka kumaliza, chifukwa ankafotokoza bwino. Kenako ndinamuuza kuti kumanja asiye momwemo, koma kumanzere aike pabowo lachitatu.