Mpini wa Mopu

"Munthu wamkulu ngati inu, kuchitira nsanje mlamu wanu chifukwa cha mbendera!" anakuwa mkazi wanga.

Sankanama ayi. Mwana wathu wamkazi anali atalowa gulu lozungulitsa mbendera patsogolo pa bandi ya kusekondale kwawo ku Barking, dera lomwe tikukhala kunja kuno. Woti azimuwerengera masitepe poyeserera anasankha malume ake, osati ine. Akuti malumewo ankaimba ng'oma kutchalitchi ku Lusaka, pamene ine ndimangodziwa kukalipa. Ndinkawaonera pawindo akuseka kupaki, mtima ukuwawa. Mwanayo ndi wanga ine!

M'mawa mwake, ndisanathamangire sitima ya kuntchito, ndinazula mpini wa mopu kuti ukhale ngati ndodo ya mbendera, n'kukagogoda pachitseko cha mwanayo. "Dzuka iwe, undiphunzitse. Ndikayamba kukalipa, undigogode nawo m'mutu."