Kesing'i Yotchipa ya ku Kariakoo

Tsiku lomwe ndinaganiza zochoka pa Uliwa ndinauza aliyense pa depoti kuti sanabadwe munthu woti angandigulitse chinthu pa mtengo wake woyamba. Sindinkanama. Ndinali nditagulitsa mafoni akale m'mbali mwa M1 kwa zaka zinayi, ndipo ngakhale amayi ogulitsa usipa ankavindikira mabeseni akandiona ndikubwera. Ndinati Karonga yandichepera, ndikupita ku Dar es Salaam komwe kuli anthu oti ndilimbane nawo. Adada anangoti, "Luta, Wongani," kutanthauza kuti pita. Amama anandimangira mpunga m'chitenje, n'kundiuza kuti ndisakaugulitse panjira. Ankandidziwa bwino mwana wawo.

Ntchito ndinaipeza ku msika wa Kariakoo, mu shopu ya zipangizo za makompyuta. Ndinkaima pakhomo n'kumaitanira anthu. Chiswahili changa cha ku Songwe ankachiseka, koma katundu ankayenda. Tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi, aliyense foni yake, aliyense kwawo. Lamlungu ndiye linkandipha. Ndinkayenda kupita komwe amaima malole, osati kuti ndili ndi katundu, koma kuti mwina ndimve munthu akutukwana m'Chitumbuka.

Ndalama ndinkatumiza, zimenezo palibe anganditsutse. Chimene sindinkatumiza ndi nkhope yanga. Ukwati wa mlongo wanga Tiwonge unali mu Disembala, nthawi yomwe malonda amatentha, ndiye ndinatumiza mapoto. Patapita zaka ziwiri, Amama anamwalira Lachiwiri masana. Kwathu kumatentha, maliro sadikira munthu wochokera ku Dar. Ndinatumiza ya bokosi, ndipo ndinauza alamu pafoni kuti asavomere mtengo woyamba wa kalipentala. Inde, ndinanena zimenezo. Lerolino ndikazikumbukira ndimaseka, kenako ndimatuluka panja.

Alamu angawo, a Phiri, amuna a Tiwonge, ndi mphunzitsi wochokera ku Dedza amene amaphunzitsa pa pulayimale ina ku Lupembe. Adada atadwala sitiroko anawatengera kunyumba kwawo. M'nyumbamo munali kompyuta ya pa tebulo, ndipo mu kompyutamo munali kanema wa ukwati uja. Mu kanemayo ndi momwe munali Amama akuvina. Kwina kulikonse kunalibe, chifukwa wojambula uja anafufuta zake kalekale. Lamlungu lililonse, Adada ankawakhazika pampando patsogolo pa kompyuta, n'kumaonera akazi awo mpaka kunena kuti, "Yakwana," nawabwezera pamphasa.

Kenako mvula inabwera ndi mphenzi, kompyuta n'kupsa. A Phiri anainyamula pa kabaza mpaka pamsewu, n'kukwera nayo minibasi ya ku Boma. Wokonza anatsegula, nati zonse zapita koma kadisiki kosunga zinthu kapulumuka. Kanali ka SSD, kakang'ono, kotalika ngati chala chamkombaphala. Anati angathe kukopera kanemayo pa fulashi tsiku lomwelo, natchula mtengo.

Alamu anandiimbira ali m'shopumo.

"Zingati?" ndinafunsa. Atandiuza ndinakuwa mpaka abwana anatembenuka. "Alamu, tulukani m'menemo! Mbava imeneyo. Tengani kadisikiko, kasungeni mu envelopu. Kuno kuli tinthu timatchedwa kesing'i, kabokosi koikamo kadisiki n'kulumikiza ndi chingwe cha USB pa kompyuta iliyonse. Ndikubweretserani ndekha, pa theka la mtengo umenewo."

"Koma bambo akufunsa tsiku ndi tsiku, alamu."

"Auzeni Wongani akubwera nazo."

Mawa lake ndinapita kwa Mzee Hamisi, mkulu wa ndevu zoyera yemwe shopu yake inali kuseri kwa yathu. Ine ndi iye tinali adani okondana. Anatulutsa makesing'i awiri nawaika pagalasi.

"Mnyasa," anatero, poti ndi mmene amatiitanira ife a ku Malawi, "kadisiki kako ndi ka mtundu wanji? Timeneti tili mitundu iwiri, SATA ndi NVMe. Kukula n'kofanana. Uyang'ane kumano kwake, kumene kumalowa: pali mpata umodzi kapena iwiri?"

"Kadisiki ndi kadisiki, Mzee."

"Piga picha kwanza. Auze akutumizire chithunzi. Yakudayi imawerenga NVMe yokha. Yasiliva iyi imawerenga yonse iwiri, koma mtengo wake ndi wokwererako."

Pamenepo ndinamwetulira mumtima. Njira imeneyo ndinkaidziwa, ndinkaigwiritsa ntchito ndekha tsiku lililonse: umamuopseza munthu kuti agule chodula. Ndinati nkhalamba iyi ikufuna kuvina ingoma yanga yomwe. Ndinatola yakuda ija, n'kuipeza ndi kachipsera komwe kunalibe. Ndinatuluka kawiri, anandiitana kawiri. Ndinalumbira pa dzina la agogo anga. Pomaliza anakweza manja.

"Tenga, Mnyasa, usanandidwalitse. Koma chithunzi chija ndakuuza."

Ndinapulumutsa ndalama yokwana mbale ziwiri za chipsi mayai, tchipisi chokazingira mazira. Ndinadya imodzi pomwepo, mwachisangalalo.

Ndikanatha kukwera basi sabata yomweyo. Koma mnzanga wina woyendetsa lole anati akhoza kundinyamula ulere mpaka ku Songwe akapeza katundu wa ku Malawi. Katunduyo anapezeka patatha miyezi iwiri. Tiwonge ankatumiza mauthenga: "Adada akufumba," kutanthauza kuti akufunsa. Ine ndinkayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba.

Nditafika ku Lupembe ndinapeza Adada atachepa ngati mwana. Pakamwa panali patapendekera mbali imodzi, koma maso anali omwe aja. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandigwira khutu ndi dzanja lawo labwino nati, "Wanenepa. Wiza navyo?" Ndinati ndabwera nazo.

Anauza Tiwonge kuti awaveke jekete. Kunkatentha moti nkhuku zinali zitatsegula milomo pansi pa mango, koma iwo anaumirira. Anati sangaonekere kwa akazi awo atavala vesiti patapita miyezi yonseyi. A Phiri anabwereka laputopu kwa mphunzitsi mnzawo. Anthu oyandikana nawo nyumba anadzaza pakhomo. Ine ndinatsegula envelopu ngati dokotala, n'kulowetsa kadisiki mu kesing'i. Kanalowa bwinobwino. Ndinamanga kasikuluwu, n'kulumikiza chingwe. Kagetsi kabuluu kanayaka.

Pa laputopu sipanaoneke kanthu.

Ndinazula, ndinalowetsanso. Ndinasintha bowo la USB. Ndinazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Ndinapemerera kumano kwa kadisiki ngati ndikukoleza moto, ndipo apo ndi pomwe ndinaona: mipata iwiri, ka SATA, mtundu womwe yakuda ija siwerenga. Thukuta linatsika mpaka m'nsapato.

"Yavuta laputopu kapena?" anafunsa a Phiri, pofuna kundipatsa pothawira.

Adada anayang'ana kagetsi kabuluu kaja nthawi yaitali. Kenako anayankhula m'Chichewa chawo cholemera, kuti alamu amve nawo: "Amayi ako sanali otchipa, Wongani. Ine ndinapereka ng'ombe zinayi, osanenerera."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka. Tiwonge anawavula jekete osandiyang'ana.

Mawa lake ndinakwera ya ku Boma. Wokonza uja anali atasamukira ku Mzuzu, ndipo m'mashopu ena munali makesing'i a madisiki akuluakulu okhaokha. Ndinamupeza pafoni. Anati yowerenga mitundu yonse ali nayo imodzi, akhoza kuipatsa kondakitala ifike madzulo omwewo. Anatchula mtengo, wokwera katatu kuposa wa Mzee Hamisi.

Apa ndiye pamene mungandiweruze, ndipo sindikukanizani. Ndinanenerera. Munthu uja anati, "Bwana, sindinu amene munkandinena mbava pafoni? Ndinamva." Sanatsitse ngakhale tambala. Ine magazi anatentha, ndinadula foni. Ndinaimbira Mzee Hamisi kuti anditumizire yasiliva ija pa lole ya mnzanga winanso, yomwe inkanyamuka m'mawa. Masiku atatu basi, ndinadziuza. Mzee sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Sawa, Mnyasa. Tidzaonana ukabwera."

Lole inafika pa Songwe tsiku lachitatu, n'kuima. Mapepala a katundu anali asanalongosoke, ndipo mwini katunduyo sankayankha foni. Woyendetsa anati ndidikire kaye, aoloka posachedwa, palibe chifukwa chowonongera ya minibasi yopita kukaitenga. Mawu amenewo anandikomera m'khutu. Ndinadikira.

M'masiku amenewo ndi momwe ndinaona za pakhomo paja. Ndinkafuna kuwatembenuza Adada, koma ankabuula. A Phiri, munthu wa ku Dedza yemwe Chitumbuka chake chimaseketsa ana, ndi amene ankadziwa kuti umayamba ndi phewa lakumanzere, ndi kuti phala amalifuna lozizira. Akapita ku sukulu, Adada ankayang'ana kukhomo mpaka abwere. Ine ankandipatsa mpando wabwino ndi kapu ya alendo. M'mawa uliwonse ankandifunsa funso limodzi: "Yafika?" Ndinkati mawa.

Lachisanu m'mawa sanafunse. Tiwonge atalowa ndi madzi osamba anatuluka akulira. Tinawaika Loweruka, atavala jekete.

Kesing'i inafika Lolemba. Ndinapita kukaitenga pamsewu pa Uliwa, pomwe lole inaima injini ikulira. Titalumikiza, pasanathe nthawi yoti munthu ameze mate, kanema anatseguka. Tinaonera atatu, ine, Tiwonge ndi alamu. Amama amaoneka pang'ono chabe. Akuvina pakati pa amayi a mvano, thukuta pamphumi, kenako akuyandikira wojambula n'kumufunsa ngati kanemayu angafike ku Tanzania. Wojambula akuti angafike. Iwo akukonza duku, akuyang'ana molunjika, n'kunena kuti, "Wongani, mapoto tapokera. Ngakutowa." Akuti alandira, ndi okongola. Kenako wina akuwakoka dzanja, akubwerera m'gule. Kumbuyo kwawo, pa benchi, Adada akuwomba m'manja mosemphana ndi ng'oma.

Tiwonge anati malo amenewo ndi omwe Adada ankauza alamu kuti abwezere, kawiri, katatu. Zaka zonsezi palibe anandiuza kuti ndinatchulidwa. Ankati ndidzaona ndekha ndikadzabwera.

Ku Dar sindinabwerere. Ndili ndi katebulo pa Uliwa pomwe paja, ndimakonza mafoni, ndipo Lamlungu ndimapita ku Lupembe kukadya kwa alamu. Kanema uja tsopano ali pa mafulashi anayi, m'nyumba zinayi.

Sabata itatha maliro ndinaimbira Mzee Hamisi kuti ndimutumizire yake. Mnzanga wa lole anali atamuuza kale zonse. Nkhalamba ija inandipepesa, inati, "Pole sana, Mnyasa. Usatumize kanthu. Imeneyo ndi yamaliro." Ndinaumirira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali kukankhira mtengo m'mwamba, wogulitsa akuukankhira pansi. Ndinamupempha kuti alandire ngakhale theka. Anadula foni.

Ndiye kesing'i yabwino kwambiri pa shopu yake ndinaipeza ulere. Mtengo wotsika kuposa umenewo kulibe pa msika uliwonse. Inu amene mwawerenga mpaka apa, tandiuzani: pakati pa ine ndi nkhalamba ija, anapambana ndani?