Thumba la Mchenga la a Namaona

A Justus Namaona anafika pa jimu yanga mu Juni 2016, akukankha njinga yobwereka, pakaliyala atamangapo thumba la mchenga. Ndikati jimu musaganize za magalasi ndi nyimbo. Ndi chisakasa cha malata kuseri kwa shopu yanga yowotcherera zitsulo ku Likangala, ndipo zonyamula zake ndi magiya a malole akufa ndi simenti yomwe ndinaumba m'zitini za penti. Obwera kuno ndi anyamata a ku Chirunga ofuna zifuwa zoti atsikana azicheuka. Munthu wa imvi ndinali ndisanamulandirepo.

Bambowa tonse tinkawadziwa. Zaka makumi atatu ankasenza matabwa kuchokera pamwamba pa phiri, kutsika tinjira ta ku Mulunguzi, matabwa atatu pamutu, khosi lili nji ngati mtondo. Koma tsikulo ankayenda chopendekeka, dzanja lili m'chiuno.

Anakhala pa chitini n'kundifotokozera. Akazi awo, a Perpetua, anadwala sitiroko nthawi yokolola, mbali yakumanja n'kufa. Ana onse ali kutali. Kuwadzutsa pamphasa, kuwakhazika pampando, kupita nawo kubafa, zonsezo zinatsalira a Namaona. M'mawa wina akuwadzutsa, msana unawagwira bambowo, onse awiri n'kugwera pansi. Nkhani inafika ku Phalombe kwa alongo ake a mayiwo, eni mbumba, ndipo iwo sanazungulire: mwamuna ngati walephera, mvula ikamayamba adzabwera kudzatenga mlongo wawo akasamalidwe kumudzi. Anthu okhala limodzi zaka makumi anayi anapatsidwa miyezi isanu.

Wa mafizo kuchipatala anangowauza kuti alimbitse msana, koma iwo anamva zawozawo. Anayang'ana m'buku la kuchipatala la mayiwo, pomwe panalembedwa makilo 58, anakatapa mchenga kumtsinje, n'kukauyezetsa pasikelo ya ogula nandolo mpaka unakwana ndendende.

"Awa ndiye mayi akunyumba," anatero akusisita thumbalo. "Ndiphunzitseni kuwanyamula."

Kuseka kunandibwerera, koma kunathera pakhosi. Ndinakokera thumbalo pakona, ndinawagoneka chafufumimba pabenchi yopendekeka, zidendene zitakola pachitsulo, n'kuwauza kuti aziwerama ndi kudzuka, manja ali pachifuwa, kakhumi, osanyamula kanthu. Nkhope inasintha. Anandifunsa ngati ndikudziwa kulemera kwa thabwa laliwisi la paini. Ndinawayankha kuti katundu wapamutu amayenda pamsana woongoka, koma kudzutsa munthu pansi ndi ntchito ya minofu ya kumunsi kwa msana ndi m'matako, yomwe matabwa aja sanaivutitsepo. Anangoti chabwino aphunzitsi, mawu aja osonyeza kuti munthu sanakumve.

Tsiku lachitatu nditatuluka kukaonana ndi kasitomala, anakumbatira giya la makilo 20 n'kukwera nalo pabenchi. Ndinawapeza atauma pakati pa njira, osatha kudzuka, osatha kutsika, thukuta lili kamukamu. Sabata yathunthu anagona, ndipo a Perpetua ankasambitsidwa ndi amayi akutchalitchi. Nditapita kukawaona ndinawakalipira ngati si akulu kwa ine. Ndinawauza kuti kuthamanga sikufika, ndipo akapitiriza zamakanizi alamu awo sadzafunikanso kudikira mvula. Mayiwo ali pamphasa anayesa kuyankhula, mawu osatuluka bwino, koma ndinamva kuti akundivomereza. Ndinachita manyazi ndi ukali wanga, komabe sindinabweze mawu.

Atabwerera tinapangana lamulo limodzi. Akakwanitsa kakhumi ndi kawiri osagwira mpweya, n'kudzuka m'mawa mwake msana usakuwawa, tiziwonjezera pang'ono. Akabisa ululu, ndiwabweza pa chiyambi. Masabata atatu ananyamula thupi lawo lokha. Kenako ndinamanga chubu chakale cha njinga kunsi kwa benchi kuti azichikoka podzuka. Chubu n'chabwino kwa msana wovulala, chifukwa ukawerama chimafewa, chimalimba pokhapokha ukamaongoka. Anyamata aja ankasekera kumbali poona mkulu wa matabwa akulimbana ndi mphira, koma ndikawayang'ana ankakumbukira zitsulo zawo.

Chubu chitatha tinapita pa makilo awiri, asanu, kenako khumi, ndipo pabenchi sindinalole kupitirira pamenepo. Zolemera tinkanyamulira pansi: mawondo opinda, katundu pafupi ndi chifuwa, kudzuka ndi miyendo. Tsiku lililonse pochoka ankaliyang'ana thumba lija, ine n'kupukusa mutu. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma masiku nawo ankatha, ndipo ndivomere kuti nanenso mantha ndinali nawo.

Kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinalikokera pakati thumbalo. Analikumbatira, anadzuka nalo, analikhazika pampando mofatsa, katatu konse. Sanalitaye pansi ngakhale kamodzi monga achitira anyamata.

Alamu awo anafika mitambo itayamba kuda kuphiri. Anakhala masiku awiri akuonerera mmene a Namaona ankadzutsira mlongo wawo, ndipo anakwera minibasi okha.

Ndinkayembekeza kuti a Namaona abwera akuseka. Anabwera Lachisanu nkhope itagwa, n'kunditambasulira buku la kuchipatala lija. Dzulo lake anali atapita ndi a Perpetua kusikelo ya kuchipatala, ndipo pamzere watsopano panalembedwa makilo 47.

"Ndimayesa ndine ndalimba," anatero.

Ndinawauza kuti kulimba alimbadi, thumba ndi mboni. Posowa chochita ndinagwada n'kuyamba kumasula chingwe kuti nditapemo mchenga, lifanane ndi nambala yatsopano. Anandigwira dzanja.

"Usiyeni momwemo mchengawo. Makilo a mayiwo abwerera."

Ndinamanganso chingwecho. Thumbalo likadali pakona, a Namaona amalinyamula Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo anyamata anga amadziwa kuti pamenepo sakhalapo.