Njinga Yamoto Yofiira

Chaka chomwe mbuzi zinkasowa m'makola ku Kandeu, ndine ndinatsegula gulu la pafoni la alimi a m'dera mwathu. Ndinkadzimva ndithu, ine mlimi wamba wa kachewere, anthu n'kumanditchula kuti adimini.

Tsiku lina m'gulumo munalowa chithunzi chokhala ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu: AKUBA MBUZI AKUYENDA PA NJINGA YAMOTO YOFIIRA. Kumene chinachokera sitinakudziwe. Koma aliyense anakumbukira kuti njinga yotero anaionapo, ngakhale aja osatuluka m'dimba. Mphunzitsi wina analemba kuti pachithunzipo pakuoneka migwalangwa, mitengo imene kwathu kumapiri kuno kulibe. Anthu anamukuwiza, ati mwina amadya nawo. Ndinamutulutsa m'gulumo ndi chala changachi, ndipo anthu anandiyamikira. Otsalafe tinkangovomerezana.

Lachisanu m'mawa ndikupalira, foni inayamba kulira mosalekeza m'thumba. "Yadutsa pachigayo, yamanga mbuzi ziwiri." "Yafika pamlatho." "Tsekani msewu." Khasu linandipulumuka. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ankagula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa kwa ootcha kanyenya pa Boma, ndipo njinga yawo inali yofiira. Masiku onsewo sindinawaganizireko. Wakuba wa m'mutu mwanga anali mlendo wochokera kutali.

Ndinalemba m'gulumo kuti: "Abale, amenewo ndi alamu anga, mbuzizo agula, kalata yogulira ali nayo." Wina anayankha kuti: "Eya, n'chifukwa chake munatsegula gululi, kuti muzidziwa makola athu." Mnzanga amene ndinamugawirako uadimini ananditulutsa pomwepo. Foni inangoti zii. Ndinawaimbira alamu kasanu konse, osalowa. Mantha otere sindinawamvepo chibadwire.

Anafika masana wapansi, malaya atang'ambika, diso litatupa. Anawapulumutsa ndi mayi amene anawagulitsa mbuzizo, yemwe anathamangira pamlatho n'kuwaikira umboni. Njinga anthu anali ataitentha kale. Alamuwo anakhala pakhonde, anamwa madzi, kenako anandiyang'ana.

"Alamu, amene wayamba kundimenya ndi bambo uja ndinamutengera mkazi wake kuchipatala mwezi watha," anatero. "Amandidziwa bwinobwino. Koma amayang'ana foni, osati ine."

Sindinawauze kuti gululo ndinalitsegula ndine, ndipo mpaka lero sindinawauzebe. Gululo lilipobe. Ndamva kuti tsopano akusaka galimoto yoyera.