Woyankha Kumadziko

Abambo anga si munthu wopemphapempha. Ndiye atandiuza, titangomaliza kukolola, kuti akufuna kukasamba ku mathithi a kwawo miyendo isanawakaniretu, ndinavomera, ngakhale mumtima ndinkang'ung'udza. Madzi ali pachitsime pompa, munthu n'kumafuna a kutchire?

Kwawoko ndi kumtunda kwa mtsinje, kutali ndi Mualadzi kumene tikukhala. Mudzi wawo unabalalika ndi nkhondo. Iwo ndi amayi anathawira ku Malawi, kumene ine mwana wawo wamkazi ndinabadwira, ndipo pobwerera sanakamangenso pabwinja. Njira yapansi inamera kalekale. Tinakwera njinga zamoto, zimene kuno timati mota, mpaka padooko, pomwe bambo wina wotchera miono anavomera kutitenga pabwato lake. Amayi anakana kutsala. Ankati akufuna akaone ndi maso awo nkhalamba ikumwa madzi.

Bwatolo linali logoba, lopapatiza, moti tinakhala mondondozana, mawondo ali kuchibwano. Mtsinje unali phee. Mwini bwato ankapalasa mosapupuluma, posaya n'kumakankha ndi nsungwi. Abambo ankalozera mikuyu ya m'mbali n'kumatiuza amene ankalima pafupi nayo, anthu amene sindinawaonepo. Ine ntchito yanga inali kukapa madzi ndi chigubu chodula, ndipo msana unkandiwawa.

Mkokomo wa mathithi tinaumva tisanawaone. Kutsogolo kunali thanthwe lalikulu lobisa dziwe. Tili pafupi kulizungulira, abambo anakweza dzanja.

"Taimani kaye, achimwene."

Anatsokomola, n'kufuula kuti, "Kumadzikooo!"

Ndi mmene mwamuna amachitira kwathu akayandikira posambira akazi. Amaitana, n'kudikira mpaka amuyankhe. Koma kuno tinangomva madzi basi.

"Madala," anatero mwini bwato, "kuno kulibe anthu. Ine ndimabwera kawirikawiri, ndimangopeza anyani."

"Dziwe limeneli ankasambamo amayi anga ndi alongo anga," anatero abambo. "Sindingalowe osayankhidwa."

Anaitananso. Zii. Magazi anga anayamba kuwira, poti tinali titavutika ulendo wonsewo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhule zanga, koma nditaona mmene abambo anapendeketsera khutu, akudikiradi ndi mtima wonse, chisoni chinandigwira. Kenaka anati motsitsa, "Basi, tibwerere." Sankanena zocheza.

Amayi anatsonya. "Tatisendezerani pamchengapo," anauza mwini bwato. Anandikoka mkono, tinatsika, n'kuyamba kukwera miyala pang'onopang'ono, iwo akudandaula za bondo lawo, mpaka tinatulukira kuseri kwa thanthwe.

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba penipeni, oyera mbee, n'kumatiwaza kumaso. Dziwelo linali lowala mpaka timiyala tapansi tinkaoneka. Amayi sanachedwe n'kuyang'ana. Anavula bulauzi, anamanga chitenje m'chifuwa, n'kulowa. Nanenso ndinalowa, ndipo kuzizira kwake kunandilanda mpweya.

Mawu a abambo anamvekanso, ofooka tsopano. "Kumadziko!"

"Dikiraniii!" amayi anakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. "Tikusamba!"

Ndinaganiza kuti awaitana nthawi yomweyo. Ayi ndithu. Anakhala pamwala n'kuyamba kukwecha zidendene, kenaka anandiuza kuti ndiwatsuke kumsana. Nditawakumbutsa za abambo anati, "Asiye. Apongozi anga sankafulumirira mwamuna." Tinasambira mpaka zala zinachita makwinya, amayi akuseka ngati mtsikana ine ndikamira. Titavala m'pamene anafuula kuti, "Bwerani!"

Bwato linatulukira pang'onopang'ono. Abambo anali atavula kale malaya, atawapinda bwinobwino pamiyendo, masaya atanyowa ndi misozi. Mathithiwo sanawayang'ane n'komwe poyamba. Anayang'ana ife awiri, titakhala pamwala tsitsi likudontha, kenaka anatembenukira kwa mwini bwato.

"Mwaona, achimwene? Inu mumati kulibe anthu."