TV ya Apongozi Inatsala Kwa Ine

Apongozi anga aamuna anali ndi TV dziko lino lisanakhale ndi nyumba youlutsira zithunzi. Anaigula ku Joni pa ulendo wawo womaliza wa ku migodi. Inali yaing'ono, yosaonetsa mitundu, yoyendera batire la galimoto. Atafika nayo kwa Dambe anaiyatsa anthu atadzaza bwalo, ndipo inangoonetsa timadontho tothamangathamanga ngati nyerere, uku ikulira kuti shiii. Anaizimitsa, naivundikira ndi kansalu koluka, ndipo inakhala pakona choncho mpaka ine ndinabwera kudzakwatira mwana wawo.

Ndinalowa chikamwini kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndili mphunzitsi wogwirizira pa pulaimale ina yapafupi. Amene simunakhalepo pachikamwini mumve izi. Nyumba umamanga ndiwe, koma ndi ya mkazi. Munda umalima ndiwe, koma ndi wa kuchikazi. Ana umabereka ndiwe, koma mwini wake ndi mlongo wa mkazi wako. Tsiku limene atope nawe umanyamula zimene manja ako angathe, basi. Ine zanga zinali sutikesi, bulangete ndi satifiketi ya sukulu. Chinanso chimene ndinabwera nacho ndi mtima wapachala, ndipo uwo sindinaubisirepo munthu.

Achimwene anga ankathandizira dalaivala wa lole yodutsa pa Mwanza kupita ku Joni. Ulendo wina anandibweretsera kabokosi kofiira ndi koyera, kokhala ndi zogwirira ziwiri za mawaya, ndi makaseti achikasu. Anati imeneyi ndi gemu, umalumikiza ku TV. Ine TV ndinalibe, koma ndinkadziwa pamene inali.

Mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi kukapempha chinthu. Ndinatuma akazi anga. Yankho linabwera lakuti Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, TV itha kutuluka kupita pakhonde panga, koma dzuwa likamalowa ibwerere pakona pake. Munthu wina wokonza mawailesi anatilumikizira mawaya. TV inkadya batire lalikulu lija, gemu inkadya mabatire a tochi amene tinkawandandalika n'kuwakulunga mu nyuzipepala. Usanakulunge unkayamba watembenuza tsambalo mbali zonse kuona ngati palibe nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Masiku amenewo zinthu zazing'ono ngati zimenezo zinkapititsa munthu kutali.

Tsiku loyamba nyerere zija zinachoka, pagalasi panaoneka bwalo la mpira ndi tianthu tikuthamanga. Apongozi anaonera ali pampando wawo patali, chipewa chili kumutu. Anangoti, "Kani imagwira ntchito."

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma akazi anga ali ndi mlongo wawo wamkulu, mlamu wanga, amene anakwatira kwa Nsambe ndipo ankalima mbatatesi ndi tirigu. Munthu wamkamwa mosatopa. Anabwera, anaonera, anasewera, ndinamuchinya, ndipo anapita osalankhula zambiri. Titakolola anatulukira ali ndi gemu yake m'thumba la feteleza. Anasinthanitsa ndi matumba a mbatatesi kwa dalaivala wina wa malole onyamula chakudya cha anthu othawa nkhondo. Yake inali yakuda, yolemera, ya kampani ina, makaseti ake akuluakulu okhala m'timabokosi ta zithunzi.

"Alamu," anatero akuiika pamphasa, "chotsani kabokosi ka sopo kanuko, kwabwera makina."

"Makina ati? Njerwa yopsererayo?"

"Njerwa ili ndi dzina la kampani. Yanuyo dzina lake ndani? Tawerengani, si paja ndinu aphunzitsi?"

Pa yanga panalibe dzina lomveka, koma zilembo za chilankhulo chimene palibe ankachidziwa.

Vuto la chilamu ndi limeneli. Mlamu ali ndi ufulu wokunyoza mmene angafunire, ndipo iwe uyenera kuseka n'kubweza. Ukakwiya wolakwa ndiwe, mudzi wonse umati mkamwini uyu ndi wopanda khalidwe. Akazi anga ankandikumbutsa kawirikawiri. "Bambo, achimwene amangocheza. Mukadzawatukwana zenizeni, anthu a pano sadzafunsa kuti anayamba ndani."

Makaseti a gemu ziwirizi sankalowana. Tinayesa. Ake sankakwana pabowo la yanga, anga ankangogwedera mu yake. Ine ndinali ndi mpira ndi akasinja, iye anali ndi nkhonya ndi mpikisano wa njinga zamoto. Kunena zoona zithunzi za yake zinali zooneka bwino pang'ono. Panthawiyo sindikanavomera ngakhale mutandimanga.

Anyamata ndi abambo omwe anagawikana. Ena ankati yofiira, ena yakuda, ndipo mkangano unkafika ku chigayo ndi ku dimba. Wina wopusa anayamba kunena kuti a chipani chofiira ndi a chipani chakuda. Lamulungu lotsatira tinangoona atcheyamani a nthambi ya chipani chenicheni atulukira, baji ili pachifuwa.

"Ndamva kuti kuno kuli zipani ziwiri," anatero.

Mlamu ndiye anayankha. "Ayi bwana, ndi zidole chabe. Chipani ndi chimodzi, makadi tili nawo tonse."

"Liwu limenelo ndisalimvenso." Atatero anakhala pansi, napempha chogwirira, ndipo anamenya nkhonya mpaka batire linafooka.

Tsono TV inali imodzi. Mlamu anati nayenso ndi mwana wa mwini wake, anthu a kwa Nsambe ayenera kuona gemu yake. Inayamba kuyenda panjinga, itakulungidwa mu bulangete, kukwera ndi kutsika zitunda zimene aliyense wa kuno akuzidziwa. Sabata ina kwathu, ina kwawo. Batire nalo linkapita ndi lole ku Mwanza kukatchajitsa, ndipo tinkakangana kuti walimaliza ndani. Tsiku lina TV inabwerako kachitsulo kosinthira mawu katathyoka. Iye anati kanali kothyoka kale. Ine ndinakuwa mpaka agalu anauwa. Madzulo ake apongozi anatiitana.

Mlamu anakhala pafupi ndi bambo ake. Ine ndinanjuta patali cha kunkhokwe, monga mwa mwambo, ndikuyang'ana kumbali. Mdalayo analowa m'nyumba natulutsa chiwailesi china chafumbi, cha bowo lalikulu kutsogolo, m'kati mwake muli misomali ndi zingwe.

"Ichi ndinagula ku Joni, chinkaimba nyimbo za m'makaseti akuluakulu," anatero. "Chinali chapamwamba kuposa za anzanga onse. Nditabwererako ulendo wina, makaseti ake anali atasiya kupanga. Lero ndimasungiramo misomali. TV yangayi sikweranso njinga. Ikhala nyumba imodzi, ndipo ndiipereka ndithu. Koma sindiipereka ku chinthu chakufa. Ipita kwa amene makaseti a gemu yake adzapezekabe."

Sindinagone bwino masiku amenewo. Mlamu ankaifuna TV ija kuti azidzitama nayo. Ine ndinkaifuna chifukwa pamudzi ponse paja panalibe chinthu chimodzi cholemera chimene ndikanaloza n'kunena kuti ichi ndi changa.

Koma tikanadziwa bwanji za makaseti tili kwa Dambe? Wailesi sinkanena za magemu. Mwayi unabwera ndi adokotala a pa chipatala chaching'ono, mnyamata wochokera kumpoto amene ankabwera kudzasewera nafe. Anati akupita ku Blantyre patchuthi, ndipo akalowa ku chionetsero cha zamalonda kumene eni masitolo amaika katundu watsopano. Aliyense anawapatsa kaseti imodzi kuti akaonetse ogulitsa. Mlamu anawonjezera kathumba ka mbatatesi. Ine ndinati chimenecho ndi chiphuphu, iye anati ndi kamba wa paulendo.

Atabwerako tinasonkhana pabwalo la apongozi masana. Anthu anabwera ambiri kuposa amene anaitanidwa. Ine pamalo panga pomwe paja cha kunkhokwe, akazi anga pambali panga. Adokotala anali ndi magazini ya ku Joni imene anagula kumeneko, ya miyezi ingapo yapitayo. Masamba ena anali opakidwa inki yakuda, chifukwa a boma ankafufuta zithunzi za akazi ovala mathalauza kapena zazifupi magazini isanafike m'sitolo. Anthu anayamba kulimbirana masamba opakidwawo, kuwayang'anitsa padzuwa, mpaka apongozi anatsokomola.

Adokotala anali munthu wofotokoza zinthu mwadongosolo ngati akupereka mankhwala. Anayamba ndi zimene anaona: mapampu a madzi, mathirakitala, nsalu. Kenako anati panali malo amodzi a sitolo ya zamagetsi, pamene panali TV yaikulu ya mitundu ndi gemu yatsopano, anthu ataunjikana mpaka apolisi kumawakankha. Magazini ija nayo inkanena za chionetsero china chachikulu cha kunja, cha magemu okhaokha, kumene makampani awiri akuluakulu ankalimbana, iyi ikuti yathu ndi yothamanga, inayo ikuti yathu ili ndi masewera ambiri.

"Za makaseti athu, adokotala," anatero mlamu.

"Ndinawaonetsa wogulitsa. Kaseti ya gemu yakudayi anaizindikira msanga. Akuti ndi yeniyeni, ya imodzi mwa makampani awiri aja."

Mlamu anaimirira. "Mwamva? Bwerezani, ena ali kutali sanamve."

"Yachikasuyi ataiona anaseka. Akuti gemu yake si ya kampani iliyonse yodziwika. Ndi yongokopera, anthu ena anaba nzeru za kampani inayo n'kumapanga zawo."

Bwalo lonse linaphulika. Mlamu anavula chipewa n'kuyamba kuvina akubwera cha kwa ine. "Alamu! Gemu yopanda bambo! Yobadwira patchire! Aphunzitsi athunthu kumasewera ndi katundu wakuba!"

Pafupi panali mpini wa khasu, ndipo dzanja langa linaupeza lokha. Sindikunena kuti ndikanamumenya nawo. Mwina ndikanangoswa nawo china chake. Ndinali nditayamba kudzuka pamene akazi anga anandiponda chala cha kuphazi ndi chidendene, mwamphamvu, nkhope yawo ikuyang'ana kutsogolo ngati palibe chikuchitika. Apongozi aakazi anali pakhomo akundiyang'ana. Ndinakhalanso pansi. Ndinaseka, kuseka kwake kouma ngati chikonyo, ndipo ndinati, "Vinani alamu, fumbi ndi la kwanu."

Apongozi aamuna sanaseke nawo. Anadikira phokoso lithe, kenako anati, "Adokotala, ine sindinafunse za bambo wake. Ndinafunsa za makaseti."

Adokotala anakanda mutu. "Eya, pamenepo ndiye pali nkhani. Kampani ya yakudayi yatulutsa ina yatsopano, imene ndinaiona ija. Makaseti ake ndi ena, salowa mu yakaleyi. Wogulitsa akuti a yakale atsala ochepa, akatha saitanitsanso. Koma achikasuwa ndinawapeza ngakhale mu msika wa Limbe, pa mabenchi a ogulitsa mawotchi. Popeza aliyense amangokopera, palibe woti anene kuti tasiya. Ndakubweretserani ina, aphunzitsi. Akuti muli masewera ambirimbiri mu kaseti imodzi."

Mlamu anali ataima pakati pa bwalo chipewa chili m'manja. "Koma bambo, yanga ndi yeniyeni."

"Chosungira misomali chija chinalinso chenicheni," anatero apongozi. Anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi, poti ine sakanandiuza mwachindunji pagulu. "Uwauze amuna ako abwere adzanyamule."

Ndinapita kukaitenga anthu atabalalika. Anali ataitulutsa pakhonde pamodzi ndi kansalu kake. Ndinagwada kuti ndithokoze, ndipo iwo analankhula akuyang'ana ku phiri.

"Nanenso pano ndine wobwera. Ndakalamba pamudzi pano, koma mitengo ya manachesi iyi ndinadzala ndekha si yanga. TV iyi ndinaigula ndikudziwa kuti kuno kulibe choonera. Ndinkafuna chinthu choti tsiku lina akandithamangitsa ndidzasenze pamutu anthu aone kuti ndinagwirapo ntchito. Sanandithamangitse. Iwe ndi mtima wakowo sindikudziwa. Tenga."

Lamulungu lotsatira, tisanamalize n'komwe kulumikiza mawaya, mlamu anatulukira ndi thumba lake la feteleza. Sanaodire. Anangokwera pakhonde n'kuyamba kumasula.

"Mwini mbumba wafika," anatero. "Nyumba ya mlongo wanga ndi nyumba yanga. Zulani kopanda bamboko."

Apa ndiye ndinalankhula, ndipo sindinatsitse mawu. "Nyumba ndi yanu, alamu. Khonde ndi lanu. Mwana ali kumsana kwa mlongo wanuyo ndi wanu. TV ndi yanga. Mukaifuna mupemphe."

Mlamu anayang'ana mlongo wake. Mlongo wake anali otanganidwa ndi kusankha nyemba. Anayang'ana kwa bambo ake, amene anali pampando wawo patali, chipewa chitaphimba maso. Anatsika pakhonde, nabwerera mpaka pa mtengo wa pichesi, naomba m'manja.

"Odi kuno! Eni TV alipo? Timati tibwerekeko pang'ono."

"Alipo," ndinatero. "Koma muyambe mwasewera mpira pa yopanda bamboyi. Mukachinya chigoli ngakhale chimodzi, tilumikiza njerwa yanu."

Anachinya chimodzi, ine zambiri, ndipo tinalumikiza yake. Tinapitiriza choncho Lamulungu lililonse mpaka chogwirira chake china chinafa, ndipo chatsopano sichinapezeke kulikonse. Kaseti ya adokotala ija masewera ambirimbiri aja analimo ochepa chabe, omwewo akungobwerezedwa ndi mayina ena. Mlamu anandinyoza nazo zimenezo zaka zambiri, koma ankanyoza atakhala pakhonde, ataodira kaye.