Dzino la Mayi Sizipweteka

Pachipatala cha mano chimene chili pamwamba pa sitolo ya nsapato, woyamba kufika m'mawa uliwonse anali mayi wokolopa. Anatha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akukwera masitepe omwewo, makiyi ali m'manja. Ankatsegula mawindo, kusesa, kukolopa chipinda chodikirira, kenako n'kulowa mkati momwe muli mpando waukulu wobiriwira ndi nyali yake yolendewera. Mpandowo ankaudziwa kuposa mwini wake. Ankadziwa pamene chikopa chinayamba kung'aluka, pamene odwala amakanda ndi zikhadabo, ndiponso kampata kapansi kamene kamabisa thonje lamagazi. Koma pampandopo sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Popukuta ankaima chapatali, n'kutambasula mkono ngati munthu amene akusisita galu wa eni.

Odwala ndi amene anawapatsa dzina loti Mayi Sizipweteka. Zinayamba adakali atsopano pantchito. Bambo wina wadzitho, wonyamula katundu pamsika, anakhala pabenchi thukuta lili kamukamu, maso ali kukhomo. Iwo anatsamiritsa chikolopa kukhoma n'kukhala naye pafupi.

"Sizipweteka, bambo," anatero. "Ine anandichotsa mano awiri. Ndinangomva akuti tatha."

Bamboyo analimba mtima n'kulowa. Adokotala, mayi wosalankhulalankhula amene chipatalacho chinali chawo, anamva zonsezo chitseko chili chotsegula. Madzulo ake anangoti, "Muzitero." Kuyambira pamenepo, akabwera wamantha namwino ankakodola wokolopa. Iwo ankapukuta manja pa epuloni, kukhala pabenchi, n'kunena mawu omwe aja. Ena ankawagwira dzanja mpaka kuwasiyira zipsera za zikhadabo.

Zoti mano awiri palibe zinali zoona. Koma sanachotsedwe ndi dokotala. Anaphwasuka okha pang'onopang'ono, lina pa fupa la nyama, lina akudya buledi wamba, ndipo zitsa zake zinali momwemo. Kwa dokotala wa mano anapitako kamodzi kokha, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku limenelo jakisoni sanagwire. Amuna awiri anawapanikiza manja ndi miyendo, dzino linathyokera mkati, ndipo iwo anadzikodzera pampando, bambo awo akuona. Pobwerera kunyumba bambowo anayenda patsogolo njira yonse osatembenuka. Nkhaniyi sanauzepo munthu, ngakhale malemu amuna awo.

Ntchito ya pachipatalapo anaipeza amunawo atangomwalira, ana akufuna chakudya. Wopempha ntchito sasankha. Anadziuza kuti azikolopa pansi basi, maso osakweza. Masiki amene onse ankavala pantchito anawathandizanso kwambiri, chifukwa palibe amene ankaona m'kamwa mwawo.

Chaka chimenecho dzino lakumbuyo kumanzere linayamba kuwawa. Poyamba linkangodandaula akamwa madzi ozizira. Kenako linayamba kugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Anachukucha madzi amchere, anameza mapiritsi opha ululu, anasamutsira chakudya kutsaya lamanja. Thandizo linali pafupi, kuseri kwa chitseko chimene ankapukuta tsiku ndi tsiku. Koma akati agogode, ankakumbukira zimene namwino ankanena odwala ena akangotuluka: "Abale, m'kamwa ngati m'dzala!" Iwonso ankaseka nawo. Ndiye lero akayasamule pamaso pa anthu omwewo, aone zitsa ziwiri zija, adziwe kuti zaka zonsezi wolimbikitsa anzake ankanena bodza?

Lamlungu lina anapita kwa mng'ono wawo wogulitsa zovala.

"Pali mnzanga wina wa kutchalitchi," anayamba motero, akupinda malaya amene sanawatume kupinda. "Akufuna dokotala wa mano wabwino. Koma wakutali."

Mng'onoyo anawayang'ana kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. "Mnzanuyo akutafunira mbali iti, achemwali?"

"Iwe, ndikunena zoona."

"Inenso ndikufunsa zoona. Chiponde ndakupatsani chija mwachizunguliza m'kamwa ngati mwala. Munthu wogwira ntchito pachitsime n'kumafa ndi ludzu! Simungowauza abwana anu bwanji?"

Mng'onoyo ataona kuti maso a mkulu wake alengeza misozi, analeka nthabwala. Anafunsafunsa kwa makasitomala ake, ndipo pofika Lachitatu anali atapeza malo atatu.

Anthu ena posankha dokotala amayang'ana mapepala opachikidwa pakhoma. Mayi Sizipweteka ankayang'ana m'makona. Pamalo oyamba anapeza fumbi pamwamba pa chitseko, chikolopa chili chonyikidwa m'madzi akuda bii. Anatembenuka asanapereke n'komwe moni. Pamalo achiwiri panali powala, pansi ngati galasi, moti mtima unayamba kukhazikika. Koma atafika patebulo, mtsikana wolandira odwala anadzuka akumwetulira. Anali ataphunzirirapo ntchito kuchipatala chawo chija.

"Mayi Sizipweteka! Mwatumidwa?"

"Eya, ndatumidwa," anayankha, nkhope ikutentha. Anafunsa kumene amagula thonje, analemba dzina la sitolo padzanja ngati nkhani yofunika, n'kutsika masitepe dzino likugunda.

Malo achitatu anali kumapeto kwenikweni kwa msewu wa minibasi, kuseri kwa sitolo ya utoto ndi misomali. Nyumba yake inali yakale, mabenchi osafanana. Koma m'makona munali mwaukhondo, ndipo panja anaona chikolopa chochapidwa bwino atachiyanika padzuwa, mutu uli m'mwamba. Analembetsa. Dokotala wake anali bambo wachikulire wadazi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake. Anawalozera mpando, iwo anakhala m'mphepete. Anawamangirira kansalu pachifuwa ndi katcheni kachitsulo. Mpaka pamenepo zinali bwino. Kenako anaponda batani, mpando unayamba kugwera chagada, nyali inabwera kumaso.

Zimene zinachitika sanazikonze. Anangozindikira kuti agwira mkono wa dokotalayo ndi manja awiri, aukankha, mbale ya zida yagwa pansi kuti ngwee, ndipo iwo ali panja akuthamanga chikwama chili kukhwapa. Mayi wa zaka makumi asanu, wa zidzukulu ziwiri. Anakwera minibasi yoyamba imene inaima. Atayenda ndithu, mayi wina amene anakhala nawo pafupi anawakodola n'kunong'ona, "Pepanitu mayi, mwaiwala kuvula ichi." Kansalu kaja kanali pachifuwa, katcheni kali m'khosi. Anthu a mpando wakumbuyo anayang'ana kumawindo, mapewa akugwedezeka. Anakavula, kukapinda kanayi, n'kukabisa pansi pa chikwama. Anatsika asanafike, n'kumaliza ulendo wapansi.

Lolemba tsaya linali litatupa mpaka kukankha masiki. Anafika m'mawa kuposa masiku onse, n'kumagwira ntchito mbali yotupayo ili kukhoma. Cha m'ma teni namwino anawakodola. Pabenchi panali mphunzitsi wina wamkazi, akupotokola mpango m'manja.

"Andiuza kuti inu ndi amene mumadziwa," anatero mphunzitsiyo. "Kodi n'zoona kuti sizipweteka?"

Anakhala pansi monga mwa masiku onse. Anatsegula pakamwa, koma nsagwada inakana, ndipo mawu anatuluka opindika, osamveka. Mphunzitsiyo anayang'ana tsaya lija, kenako anayang'ana pansi.

Wodwalayo atachoka, adokotala anatuma namwino kukagula sopo, ngakhale kuti sopo analipo. Anatseka chitseko.

"Vulani masiki."

Anavula.

"Kuyambira liti?"

"Miyezi inayi, adokotala."

"Awiri aja anakuchotsani ndani?"

"Palibe." Liwu linatuluka laling'ono ngati la mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. "Anathyoka okha. Ndinkanama."

Adokotala anasuntha cholembera patebulo. Kenako analoza mpando wobiriwira uja. "Khalani apo, ndione."

Mayi Sizipweteka anayang'ana mpandowo, malo onse amene anapukuta m'mawa womwewo. "Pepani, adokotala. Kwa inu ayi. Ndingamakuyang'aneni bwanji mawa?"

Anaona kuti mawuwo awalasa abwana awo. Zaka zonsezo anadyera limodzi pa maliro ndi pa maukwati a ana, ndipo lero wantchito wawo akukana dzanja lawo. Koma adokotala sanakalipe. Analemba mankhwala ochepetsa kutupa, n'kukankhira pepalalo kutsogolo.

"Kutupa uku si kwamasewera, kumapha. Kwa ine kapena kwa wina, zili ndi inu. Koma sabata ino isathe."

Chimene chinawabweza kwa dokotala wadazi uja sichinali kulimba mtima. Kanali katcheni. Moyo wawo wonse sanatengepo ngakhale supuni ya eni, ndipo kanthu kameneko kankawalemera m'chikwama. Anakatsuka, anachapa kansaluko n'kukasita, Lachinayi n'kukwera minibasi. Ankati akangopereka patebulo n'kubwerera. Mwatsoka, kapena mwamwayi, anakumana ndi mwini wake pakhomo akuthirira maluwa.

"Ndabweza katundu wanu, bambo. Ndiponso mundikhululukire za mbale ija."

Dokotalayo analandira ndi manja awiri. "Wolakwa ndine, mayi. Ndinagwetsa mpando osakuuzani." Anaika pansi chothiririra. "Amene amathawa chonchija amakhala kuti wina anawapweteka kale. Anakuchitani chiyani?"

Palibe amene anawafunsapo funso limenelo. Ataima pakhonde pomwepo, moyang'anana ndi mulu wa zitini za utoto, anafotokoza zonse: amuna awiri aja, kuthyoka kwa dzino, diresi lonyowa, msana wa bambo awo panjira. Dokotalayo sanaseke, komanso sanawamvere chisoni chopitirira. Anangogwedeza mutu.

"Tichite chonchi. Lero mpando sugwa, mukhala tsonga. Sindigwira chitsulo chilichonse, ndingoyang'ana. Mukakweza dzanja lamanzere, ndisiya pomwepo, ngakhale ndili pakati."

Sanamukhulupirire, choncho anamuyesa. Asanayasamule n'komwe anakweza dzanja. Iye anabwerera m'mbuyo, manja kumsana. Anakwezanso kachiwiri, kachitatu, ndipo ulendo uliwonse ankasiya osausa moyo. Kachinayi dzanja linakhala pamwendo. Dokotalayo anayang'ana m'kamwamo nthawi yaitali. Iwo anatsinzina, kudikira mawu onyoza.

"Ntchito ilipo," anatero. "Maulendo anayi. Ndaonapo zoposa apa."

Dzino lija linachotsedwa sabata yotsatira, kutupa kutaphwa. Mng'ono wawo anatseka benchi yake ya zovala n'kuwaperekeza, ndipo anakhala pakona akusimba za kasitomala amene anayesa masiketi asanu ndi awiri n'kugula mpango. Jakisoni anawawa, ngati kulumidwa ndi mavu, kenako tsaya linachita dzanzi. Mayi Sizipweteka anamva kukankha, kugwedeza, ndi phokoso lonyansa mkati mwa mutu. Anakweza dzanja kawiri. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo atadzuka anayamba ayang'ana pampando ngati pali pouma. Panali pouma.

Zitsa ziwiri zija zinatuluka pa maulendo otsatira, ndipo dzino lina analimata. Mantha sanathe. Ulendo wachitatu anausintha tsiku kawiri, mpaka mng'ono wawo anachita kukawatenga kunyumba. Kuntchito, namwino anamva nkhani yonse, monga zimakhalira, ndipo kwa masiku angapo ankalankhula nawo mwaulemu wachilendo umene unkawawa kuposa kusekedwa. Adokotala sanafunsepo kanthu. Moni ankayankha, malangizo ankapereka, koma nkhani zina zija za ana ndi za mvula zinaima.

Panapita mwezi. Tsiku lina masana, Mayi Sizipweteka akupukuta zenera la mukhonde, adokotala anatuluka m'chipinda chawo akuvula magolovesi. Anadutsa, kenako anaima n'kubwerera.

"Dokotala wanu uja anamaliza?"

"Anamaliza, adokotala."

"Ndingaone ntchito yake? Pompano, poyera. Simukhala pampando."

Anayang'ana uku ndi uku. Mukhonde munalibe munthu. Anatsitsa masiki, nsanza ili m'manja, n'kuyasamula moyang'ana kuwindo. Makutu ankatentha. Adokotala anawerama, manja ali m'matumba, n'kuyang'ana kumanzere, kenako kumanja.

"Ali ndi dzanja labwino," anatero. "Mundipatse nambala yake. Dzino langa lakumbuyoli layamba kundivuta, ndipo wometa sadzimeta."

Atatero analowa kukasamba m'manja, ndipo ali mkatimo anakuwa kuti pansi pa sinki padonthanso madzi. Mayi Sizipweteka anakweza masiki n'kupita kukatenga ndowa.